Dzina losalembedwa pa thumba la feteleza

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dzuwa likuswa mtengo, nkhani pa Manjawira imatsala imodzi yokha. Kuchigayo, pamjigo, ngakhale pamthunzi pomwe anyamata a kabaza amadikirira makasitomala, aliyense akufunsa za feteleza: kodi mayina atuluka, thumba lafika pa zingati, nanga wobereketsa abwera liti poti chaka china anafika chimanga chitamasula kale. Malole ofundika matenti amadutsa pa msewu wa M1 kuchokera ku Zalewa kulowera ku Lilongwe, ife n'kumangowaperekeza ndi maso. Fetelezayu tinamupatsa mayina a andale. Alipo amene mpaka lero amati "wa Bingu", pokumbukira makuponi amene anayamba mu 2005. Ena amakumbukira K4,495, mtengo umene pulogalamu ya AIP inayambira mu 2020, umene lero ukumveka ngati nthano. Pathumba pamalembedwa dzina la kampani ndi manambala, 46 pa yureya, 23:10:5 pa wokulitsa. Koma dzina la munthu amene anachititsa kuti thumba limenelo likhale chinthu choti mlimi wamba n'kuchilakalaka silinalembedwe paliponse. Munthuyo ndi Alwin Mittasch wa ku Germany. Anayamba ndi kugwira choko pa sukulu ya pulayimale asanakhale katswiri wa kemisitiri, ndipo ntchito yake yakhala ikundizunguza mutu, makamaka ndikaiyika pambali pa mmene ife timachitira zinthu kuno.

Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni. Ndiye chakudya chimene chimanga chimalira masamba a m'munsi akayamba kuchita chikasu. Ali pamwamba pa munda wina uliwonse, wa amfumu ndi wa mayi wamasiye, waulere, koma chimanga sichingamudye. Tizidutswa take timayenda tiwiritiwiri titagwirana zolimba kwambiri, pomwe mizu imalandira nayitirojeni yekhayo amene walekanitsidwa ndi mnzake n'kulumikizidwa ku zinthu zina. Kalekale azungu ankathana ndi vutoli potumiza zombo kukatenga zitosi za mbalame za m'nyanja ku Peru ndi mchere wa nayitireti wa m'chipululu cha Atacama. Mchere umenewu unabutsa nkhondo mu 1879, Chile kumenyana ndi Peru ndi Bolivia. Mu 1898, katswiri wa ku Britain William Crookes anachenjeza anzake pa msonkhano ku Bristol kuti migodi imeneyi idzatha ndipo mayiko odya tirigu adzagona ndi njala ngati akatswiri a kemisitiri sapeza njira yokolera nayitirojeni wa mumpweya.

Amene amatchuka pa nkhaniyi ndi Fritz Haber. Iye pamodzi ndi mnzake Robert Le Rossignol anapanga kamakina ku Karlsruhe komwe kankapanikiza nayitirojeni ndi hayidirojeni kuwirikiza koposa ka 150 mmene mpweya umatipanikizira panja pano, pa moto wa madigiri pafupifupi 500, mpaka ziwirizo n'kugwirizana kukhala amoniya. Amoniya ndiye kholo la yureya ndi feteleza wina yense wa nayitirojeni. Koma kupanikiza ndi kutentha pakokha sikunali kokwanira. Pankafunika chinthu chachitatu chimene akatswiri amachitcha katalisiti, chofulumizitsa kusintha kwa zinthu zina icho osatha. Ntchito yake njofanana ndi ya nkhoswe: amatenga anthu awiri amene paokha akanangozembana, kuwakhazika pamphasa imodzi mpaka atamvana, kenako iye n'kubwerera kwawo mmene anabwerera, wokonzeka kukamanga banja lina mawa. Katalisiti amene Haber anagwiritsa ntchito anali osmium, chitsulo chosowa kwambiri moti chonse chimene chinalipo m'manja mwa anthu nthawi imeneyo sichikanakwanira mafakitale. Anayesanso yureniyamu, uja timamumva ku Kayelekera, koma iye amaonongeka msanga akakhudzana ndi chinyontho kapena mpweya wamba. Choncho nzeru inalipo, koma inali nzeru ya patebulo. Mlimi sakanadyapo kanthu.

Pa 2 Julaye 1909, kampani ya BASF inatumiza anthu ake ku Karlsruhe kukaona kamakina kaja ndi maso. Tsiku limenelo kamakinako kanayamba kavuta, kukonza kwake kunatenga maola, ndipo Carl Bosch, amene anali mkulu paulendowo, anali ndi zina zomudikira, choncho ananyamuka. Mittasch anatsala. Ndiye amene anaona madontho a amoniya akutuluka, nakauza mabwana ake kuti zinthuzo n'zoona. Kankhani aka ndimakakonda chifukwa kakuonetsa khalidwe la munthuyu moyo wake wonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mittasch anabadwa mu 1869 m'mudzi wa Großdehsa kum'mawa kwa Germany. Bambo ake anali mphunzitsi wa pamudzipo, a mtundu wa Asorbu, kagulu kakang'ono ka anthu okhala ndi chilankhulo chawochawo pakati pa Ajeremani. Ndalama zotumizira mwana kusukulu zapamwamba panalibe, motero anapita kukoleji ya aphunzitsi ku Bautzen ndipo mu 1889 anayamba kuphunzitsa. Atasamukira ku Leipzig mu 1892, anayamba kumapita kukamvera maphunziro a kuyunivesite akaweruka kuntchito. Anamaliza digiri ya udokotala mu 1901 pansi pa Max Bodenstein, m'dipatimenti ya Wilhelm Ostwald, atadutsa kale zaka 30. Uprofesa unamukanika osati chifukwa cha mutu koma chifukwa cha pepala: analibe satifiketi ya sekondale imene malamulo a kuyunivesite ankafuna. Aphunzitsi athu amene anayamba ndi satifiketi ya ku TTC n'kumakwera pang'onopang'ono ndi maphunziro a patchuthi, zimenezi akuzidziwa bwino. Mu 1904 analowa ntchito ku BASF, ku Ludwigshafen, pansi pa Bosch.

Kampani itagula nzeru ya Haber, ntchito inagawidwa. Bosch anatenga ya zitsulo, kumanga ng'anjo zikuluzikulu zoti zisaphulike. Mittasch anapatsidwa yosakasaka katalisiti wotchipa. Panalibe buku lomuuza kuti ayang'ane kuti, chifukwa nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene chimachitika pamwamba pa chitsulo mpweya ukachikhudza. Ndiye anachita chinthu chooneka chopusa koma chofuna mtima wa mwala: kuyesa chilichonse. Mnzake Georg Stern anakonza ting'anjo ting'onoting'ono tolowetsamo magalamu ochepa chabe a chinthu choyesedwacho, tosavuta kutsegula ndi kusintha, ndipo tambiri tinkayaka nthawi imodzi usana ndi usiku. Chilichonse cholowa m'kang'anjo chinkalembedwa: chachokera kuti, chasakanizidwa ndi chiyani, chatulutsa amoniya wochuluka bwanji, chafooka patapita nthawi yaitali bwanji. Pofika kumayambiriro kwa 1912 anali atayesa ka 6,500 zinthu zosiyanasiyana pafupifupi 2,500, ndipo pomwe ntchitoyi inkatha zaka za m'ma 1920 zitangoyamba, miyeso inali itafika pafupifupi 20,000.

Chitsulo wamba, chija timapangira makasu, chinali ndi mbiri yoipa pa nkhaniyi. Mu 1900, Ostwald yemwe uja, katswiri wolemekezeka dziko lonse, analengeza kuti wapanga amoniya pogwiritsa ntchito chitsulo. Bosch, ali mnyamata wongolowa kumene ntchito, anabwereza muyesowo napeza kuti amoniyayo ankachokera ku nayitirojeni amene anali kale m'chitsulomo. Ostwald anabweza mawu ake. Kuyambira pamenepo ambiri ankachiona chitsulo ngati njira yotsekeka. Mittasch sanachichotse pamndandanda. Mu Novembala 1909, mwala wina wachitsulo wochokera ku mgodi wa Gällivare kumpoto kwa Sweden unalowa m'kang'anjo n'kutulutsa amoniya wambiri modabwitsa. Munthu wothamanga akanathamangira kwa bwana kukanena kuti tigule mgodiwo. Iye anayesa miyala ina ya mtundu womwewo yochokera kwina, ndipo inakanika. Apa m'pamene anafunsa funso limene linasintha zonse: kodi mwala uwu uli ndi chiyani chimene inzake ilibe?

Yankho linali m'zinthu zimene wina aliyense akanazitcha zinyalala. Chitsulo choyeretsedwa bwinobwino chinkagwira ntchito kanthawi kochepa n'kufooka. Mwala wa ku Sweden uja unali ndi tizinthu tina tochepa tosakanikiramo mwachibadwa. Mittasch ndi anzake anayamba kutenga chitsulo choyera n'kumathiramo kamodzikamodzi, pang'onopang'ono, kuona kamene kakuthandiza ndi kamene kakuononga. Anapeza kuti aluminiyamu wochepa amaletsa tizidutswa ta chitsulo kumatirirana pa moto, choncho mpweya umapeza malo ambiri okhudza. Potaziyamu amachipatsa changu, ndipo ndi potaziyamu yemweyo ali m'phulusa limene amayi athu amatcheza chidulo chophikira therere. Laimu nayenso amathandiza. Koma salifa, ngakhale kakhale kochepetsetsa, amapha katalisiti yense. Pofika 1910 chisakanizo chinali chitapezeka, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Chodabwitsa n'chakuti mafakitale ambiri a amoniya padziko lapansi lero, patapita zaka zoposa 100, akugwiritsabe ntchito chisakanizo chosasiyana kwenikweni ndi chimenecho.

Ndikaiganizira nkhaniyi, chimene chimandigwira mtima si mwala wa ku Sweden ayi. Mwayi umagwera aliyense nthawi zina. Chimene chimandigwira ndi mabuku aja olembamo zolephera. Pa miyeso 20,000, yochuluka zedi inali yosaphula kanthu, komabe yonse inalembedwa mosamala mofanana ndi yopambana. Popanda zolembazo, mwala uja ukanangokhala chozizwitsa cha tsiku limodzi, chifukwa sipakanakhala choufanizira nacho. Ife kuno timakonda kusimba za chaka chimene nkhokwe inadzaza, koma za munda umene unakanika timangoti "mvula inavuta" kapena "anatilodza", nkhani n'kuthera pomwepo. Mabungwe obwera ndi mapulojekiti nawonso ndi chimodzimodzi: lipoti lawo limadzaza ndi zithunzi za mlimi mmodzi akumwetulira pakati pa chimanga chobiriwira, za alimi ena aja amene njirayo inawakanika osatchulako. Pulojekiti ina ikabwera patapita zaka zingapo, imayambiranso pomwe inzake inagwera, m'dzenje lomwelo.

Mphoto ya Nobel inapita kwa Haber, ya chaka cha 1918, ndipo Bosch analandira yake mu 1931. Mittasch sanalandire. Njirayi mpaka lero imatchedwa ya Haber ndi Bosch. Sindikuti awiriwo sanayenere. Bosch anathetsa vuto loopsa la hayidirojeni amene ankafumbutsa zitsulo za ng'anjo mpaka kung'ambika, poika chitsulo chofewa m'kati ndi kuboola timabowo pa cholimba chakunja. Koma dziko limadziwa kuyamika woyambitsa ndi womanga, wosefa ndi wolemba n'kumuiwala. Komabe mwa akatswiri anzake, mphamvu ya ntchito yake inafika patali. Mfundo yakuti katalisiti wabwino amakhala chisakanizo, chachikulu chimodzi ndi tothandizira tingapo, inakhala maziko a ntchito zina zambiri. Ku BASF komweko, Matthias Pier anatsata njira yomweyo napeza kapangidwe ka methanol wa m'fakitale mu 1923. Ku America, Paul Emmett ndi Stephen Brunauer anatha zaka akufufuza chitsulo cha Mittasch, ndipo pofuna kudziwa kukula kwa malo amene mpweya umakhudza, iwo pamodzi ndi Edward Teller anatulukira mu 1938 njira yoyezera imene labotale iliyonse ya zoterezi ikugwiritsabe ntchito. Atapuma pantchito, Mittasch anakhala ku Heidelberg akulemba mabuku a mbiri ya katalisiti ndi a filosofi mpaka anamwalira mu 1953. Lero ku Germany kuli mphoto ya akatswiri a katalisiti yotchedwa dzina lake.

Chifukwa chenicheni chimene chitsulocho chimagwirira ntchito chinadziwika mochedwa kwambiri. Gerhard Ertl, amene anabadwa mu 1936, ndiye anachifukula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pogwiritsa ntchito zida zotha kuona zochitika pamwamba penipeni pa chitsulo. Anaonetsa kuti tizidutswa tiwiri ta nayitirojeni tikatera pachitsulo timalekana, ndipo kulekanako ndiko kumachedwa kuposa zina zonse. Tikangolekana, hayidirojeni amalumikizika mmodzimmodzi mpaka amoniya n'kunyamuka, chitsulo n'kutsala chopanda kanthu kudikira ena. Anafotokozanso mmene potaziyamu amathandizira. Nobel yake inalengezedwa pa 10 Okutobala 2007, tsiku limene ankakwanitsa zaka 71. Tangoganizani: mafakitale anadyetsa anthu zaka zoposa 60 ndi chinthu chimene eni ake sankachimvetsa mpaka pansi. Amene amati tidikire kaye mpaka tidzakhale ndi zida zonse ndi maprofesa okwanira tisanayambe kuyesa zathu, aiganizire mfundo imeneyi. Komanso amene amati kafukufuku wosabala ndalama lero ndi kutaya nthawi, aone kuti dziko la Germany linapitiriza kulipira anthu ofunsa "chifukwa chiyani" pa chinthu chimene chinali kugwira kale ntchito.

Sindikufuna kumuveka munthuyu mkanjo woyera. Walira mvula walira matope. Fakitale ya Oppau isanathe chaka, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Zombo za Britain zinatseka njira ya mchere wa ku Chile, ndipo amoniya amene ankayenera kupita kumunda anasandutsidwa onga wa mfuti ndi mabomba. Akatswiri ambiri a mbiri amavomereza kuti popanda amoniyayu Germany sakanapirira nkhondoyo zaka zonse zija. Haber anafika pena poipitsitsa: ndiye anatsogolera kuponya mpweya wa poizoni pa asilikali ku Ypres mu Epulo 1915. Mittasch sanali kubwalo la nkhondo, koma ankagwira ntchito m'kampani imene inkadyetsa mizinga, ndipo sangapatulidwe kwathunthu ku zimenezo. Mu Seputembala 1921, nkhokwe ya feteleza pa Oppau pomwepo inaphulika n'kupha anthu oposa 500. Lero akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amadya chakudya chokula ndi nayitirojeni wa m'fakitale, koma feteleza yemweyo akachuluka amaononga mitsinje ndi nyanja, ndipo akathiridwa chaka ndi chaka popanda manyowa amawawasitsa dothi. Alimi akamadandaula kuti nthaka inazolowera feteleza, sakunama kwenikweni. Akunena m'mawu awo chinthu chimene chingayezedwe.

Tsono nkhani ya ku Ludwigshafen imatikhudza bwanji ife a pa Manjawira? Imatikhudza m'thumba. Nayitirojeni ndi waulere, koma hayidirojeni amachotsedwa ku gasi wa pansi panthaka, ndipo mafakitale a amoniya amadya gawo limodzi kapena awiri pa 100 aliwonse a mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito. Ndiye gasi akakwera mtengo ku Ulaya, monga zinachitikira mu 2021 ndi 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itawonjezera moto, thumba la yureya limakwera kuno. Onjezanipo ulendo wa panyanja mpaka ku Beira kapena Nacala, mafuta a lole, ndi kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malawi alibe fakitale yopanga amoniya; zimene zilipo, monga ya ku Liwonde, n'zosakaniza zobwera kale kuchokera kunja. Anansi athu anayesapo. Zambia anamanga yake ku Kafue, Zimbabwe ku Kwekwe, zonse zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo zonse zakhala zikuyenda motsimphina chifukwa cha magetsi, zipangizo zakale ndi ndalama. Choncho wandale akaima pansanja n'kulonjeza fakitale ya feteleza, ndi bwino kumufunsa modekha kuti hayidirojeni adzachokera kuti, magetsi adzachokera kuti, ndipo ana athu odziwa kuyendetsa ng'anjo zoterozo akuphunzitsidwa kuti.

Koma ine sindikuona kuti phunziro la Mittasch kwa ife ndi fakitale. Mafunso ofuna mtima wake ali m'minda mwathu momwemu. Tapani yureya pang'ono m'dzanja, mudonthezerepo madzi. Timibulu toyera tija timasungunuka msangamsanga ndipo chikhatho chimazizira. Mukamuwaza pamwamba pa mzere wachinyontho dzuwa likuwomba, osakwirira, m'dothimo muli katalisiti wachilengedwe, wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amaphwanya yureya kukhalanso amoniya. Fungo lobaya m'mphuno lija mumalimva m'khola la mbuzi m'mawa ndi lomwelo. Amoniyayo amauluka, ndipo gawo la ndalama za ganyu wa mwezi wathunthu limabwerera kumwamba kumene nayitirojeni anachokera. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti tiziboola kadzenje pambali pa phando ndi kamtengo, kuthiramo ndi kachitsekerero ka botolo, n'kukwirira. Ambiri timaona ngati n'kutichedwetsa chabe, poti palibe anatiuza chifukwa chake.

Nanga manyowa a Mbeya, amene atchuka chifukwa cha kudula kwa feteleza? Timasakaniza gaga, ndowe, phulusa ndi feteleza pang'ono, kumanga m'thumba la pulasitiki masabata atatu. Alimi ambiri akuti akuthandizika nawo, ndipo sindikuwatsutsa. Koma mudzi uliwonse uli ndi muyezo wakewake, ndipo kemisitiri imatiuza kuti phulusa likachuluka limafulumizitsa kuuluka kwa amoniya. Phulusa lokwanira ndi lochuluka bwanji? Pa dothi lamchenga la kuno kotentha, muyezo wake ungafanane ndi wa ku Tsangano kozizira? Awa si mafunso othetsa ndi mkangano wa pabwalo la bawo. Akufuna miyeso mazanamazana, yolembedwa, yolephera ndi yopambana yomwe.

Zulani mtedza kapena nandolo wamng'ono mosamala, mugwedeze dothi. Kumizu mupeza timatuza tozungulira. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo: ngati m'kati mwake muli mofiirira, dziwani kuti fakitale ikugwira ntchito. M'timatuza timeneti mumakhala mabakiteriya okhala ndi katalisiti wawo, wa chitsulo ndi molybdenum, amene amachita ntchito yomwe ija ya ku Oppau popanda moto wa madigiri 500 kapena ng'anjo yolimba. Akatswiri akhala akulimbana naye zaka zambiri; kachidutswa ka kaboni kamene kali pakatikati pake kanatsimikizika mu 2011, ndipo mpaka pano palibe wakwanitsa kumutsanzira m'fakitale. Pa nkhani iyi Malawi ali ndi chonyadira. Sieglinde Snapp, pamodzi ndi akatswiri a ku Bunda monga George Kanyama-Phiri, anayambitsa kuno njira yoyesera mbewu yotchedwa ya mayi ndi mwana: munda umodzi waukulu pakati pa mudzi woyeserapo njira zonse, ndi timinda tambiri ta alimi, aliyense kuyesa ziwiri kapena zitatu kwawo n'kunena zimene waona. Kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, chaka chotsatira n'kuikapo chimanga, kunayesedwa motero, kuphatikizapo kwa Nsipe ndi ku Kandeu m'boma lathu lino la Ntcheu. Umenewo ndi mtima wa Mittasch utavala nsapato za kumunda. Chodandaulitsa n'chakuti ntchito zotere kawirikawiri zimayenda ndi ndalama za alendo, ndipo zikatha, mabuku olembamo aja amatsekedwa.

Kufupi ndi kuno, m'boma la Balaka, kuli phiri la Kangankunde. Miyala yake ili ndi zitsulo zosowa monga cerium, lanthanum ndi neodymium, ndipo kampani ya Lindian ya ku Australia ndiyo ili ndi chilolezo chokumba. Ambiri timangomva kuti ndi miyala yamtengo wapatali. Cerium amagwira ntchito m'kabokosi ka mu ekizozi ya galimoto kamene kamachepetsa poizoni wa utsi, ndipo lanthanum amalowa m'katalisiti woyengera petulo. Ndiye kuti zipangizo za sayansi yomweyi tikukambayi zili pakhomo pathu. Mwala wa ku Gällivare unali mwala chabe mpaka pamene wina anafunsa za m'kati mwake, ndipo phindu lalikulu silinapite kwa okumba koma kwa ofunsawo. Tikamakambirana za Kangankunde timathera pa misonkho, chipukuta misozi ndi ntchito za ulonda. Zonsezo n'zofunika. Koma sindinamvepo mfumu kapena phungu akufunsa kuti ana angati a ku Balaka ndi Ntcheu adzalipiriridwa maphunziro a kemisitiri kuchokera m'phirimo. Anthu oti n'kuwaphunzitsa alipo. Ku yunivesite ya ku Zomba, Samson Sajidu ndi anzake anafufuza mmene njere za chammwamba zingachotsere zitsulo zoipa m'madzi, ndi mmene miyala ya bokisaiti, yomwe imapezeka paphiri la Mulanje, ingachepetsere mchere wa fluoride umene umadetsa mano a ana m'madera ena a m'mijigo. Imeneyo ndi sayansi ya zochitika pamwamba pa mwala, m'bale wake weniweni wa ntchito ya Ertl.

Zonsezi zimayambira m'kalasi, ndipo m'pamene pali bala. Mwana wa pa sekondale yoyendera amaloweza kuti katalisiti wa amoniya ndi chitsulo, amalemba pa mayeso a MSCE, amakhoza, koma sanaonepo katalisiti akugwira ntchito. Timati vuto ndi kusowa kwa labotale, ndipo n'zoona kuti masukulu ambiri otere alibe. Komabe mphunzitsi angagule kabotolo ka hydrogen peroxide ku famase, n'kuthira pang'ono m'matambula awiri. M'tambula ina aponyemo kachidutswa ka mbatata ya kachewere yaiwisi: thovu limayamba kutumphuka nthawi yomweyo. M'inayo aponyemo kophika: zii, palibe chochitika, chifukwa moto wapha katalisiti wa m'mbatatayo. Ufa wakuda wa m'batire lakale la tochi, mphunzitsi atautulutsa yekha mosamala, umachita zomwezo mwaukali, ndipo thovu likatha ufawo umakhala ulipobe. Akatero awauze ana ayese chinangwa, chiwindi cha nkhuku, tsamba la nkhwani, mchenga, aliyense alembe m'kope chimene chachitika, ngakhale pamene sipanachitike kanthu. Amayi ofulula thobwa amadziwa kale kuti chimera chikathiridwa phala lili lotentha kwambiri sichitsekemeretsa; mwana amene waona mbatata yophika ija adzawafotokozera chifukwa chake.

Pempho langa likupita kwa makomiti a sukulu, makhansala, aphungu athu ndi onse amene amagawa ndalama za chitukuko cha m'madera. Chaka chino, pambali pa milatho ndi mipikisano ya mpira, ikaniponi kabati ya zipangizo za sayansi pa sekondale yoyendera imodzi, ndipo mutumize mphunzitsi wake kukaphunzira kuzigwiritsa ntchito. Kwa alimi anzanga, mvula ikagwa patulani mizere ingapo kumapeto kwa munda. Ina muthire yureya wokwirira, ina wongowaza, ina manyowa a Mbeya, ina musathire kanthu. Pokolola muyeze ndi ndowa imodzi yomweyo, mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku, muyezo ndi mmene mvula inagwera, ndipo kopelo mukalionetse kwa alangizi ndi kwa anzanu a mukalabu.